Pakati Ngwee, M'mbali Mbuu: Kodi Walakwa Ndi Lenzi Kapena Ndi Ife?

Aliyense amene anayesapo kujambula phiri la Mulanje akudziwa kuti phirili silikwana m'kamera. Mukaima ku Likhubula n'kuloza Chambe, imodzi mwa nsonga za phirili, ndi lenzi imene imabwera ndi kamera, ya 18-55mm ija, mumachita kusankha: mutenge mutu wa phiri kapena tsinde. Mukati mubwerere m'mbuyo, mupeza muli mumtsinje. N'chifukwa chake ambirife mapeto ake timagula lenzi ya wide, yoona malo otambalala kwambiri, ndipo poti ndalama n'zovuta timagula yotchipa, kawirikawiri yoti wina anagwiritsapo kale ntchito, yochokera ku Joni kapena kwa munthu amene waiika pa Facebook.

Sabata yoyamba imakhala ya chimwemwe. Yachiwiri dandaulo limayamba, ndipo kwa aliyense limakhala lomwelo: pakati pa chithunzi pali ngwee, koma m'mbali muli mbuu, mitengo ikuoneka ngati wina waipaka phala. "Achimwene, andiponda, lenzi iyi ndi yakufa." Mawuwa ndawamva kambirimbiri, ndipo inenso ndinawanenapo. Koma malenzi ambiri amene anzanga andibweretsera kuti ndiwaone analibe matenda oti n'kubwezera kwa mwini wake. Matenda otere ndi awiri okha: magalasi am'kati kusakhala pamzere, ndi chuku chomwe chadya galasi. Zina zonse, mwina si za lenzi n'komwe, mwina zili ndi mankhwala. Ntchito yagona pa kusiyanitsa.

Choyamba, chotsani zomwe si za lenzi

Musaweruze lenzi ndi chithunzi chomwe chadutsa pa WhatsApp. WhatsApp imafinya zithunzi kuti zipepuke, ndipo zoyamba kufa ndi tinthu ting'onoting'ono ngati masamba a tiyi ndi udzu. Ngati wogulitsa ali kutali ndipo akufuna kukuonetsani zomwe lenzi yake imatulutsa, muuzeni atumize fayilo ngati document, osati ngati chithunzi. Kenako itseguleni pa kompyuta n'kuikulitsa kufika 100%. Kagalasi kakumbuyo kwa kamera kamakometsa chilichonse, sikodalirika pa mlandu ngati uwu.

Chachiwiri ndi mpweya, ndipo kuno ndiye wolakwa wamkulu. Mu September ndi October anthu amakhala akutentha tchire, fumbi lili tolotolo, moti masiku ena munthu uli pa Chitakale phiri limangooneka ngati chithunzithunzi, ngakhale nsonga yake, Sapitwa, ndi yotalika mamita 3,002. Masana dzuwa likaswa mtengo, mpweya wotentha wochokera pansi umanjenjemeretsa chilichonse chomwe chili patali. Palibe lenzi, ngakhale yodula ngati galimoto, imene ingaboole zimenezo. Mukajambula khamu la ku Chonde mu October phiri lili kumbuyo, n'kuona phiri latuwa, musathamangire kunyoza lenzi. Nthawi yabwino yoyesera ndi m'mawa kusanatenthe, tsiku lotsatira mvula itatsuka mlengalenga, kapena m'miyezi yozizira pa tsiku loti chiperoni sichinabwere.

Chachitatu ndi manja athu ndi mphepo. Munda wa tiyi umaoneka ngati wangoti zii, koma nsonga zake zimagwedezeka. Malenzi ambiri amakono ali ndi chothandiza kuti manja asagwedeze chithunzi, Canon amachitcha IS, Nikon amachitcha VR, koma chimenecho chimagwira manja anu okha, sichigwira tsamba. Mukajambula pa liwiro lochedwa ngati 1/15 ya sekondi kuli kamphepo, thanthwe lidzatuluka bwinobwino, tiyi wapatsogolo n'kukhala phala. Poti tiyiyo amakhala m'munsi ndi m'makona mwa chithunzi, munthu amaganiza kuti makona a lenzi ndi oipa.

Ndinenenso za fyuluta. Malenzi ambiri ogula kwa anthu amabwera ndi fyuluta ya UV yomangidwa kale kutsogolo, ina yokandikakandika, ina yoti dzina lake silidziwika. Imasuleni musanayambe kuyesa. Kamera za dijito zili kale ndi galasi loletsa UV pamwamba pa sensa, kachipangizo kolandira kuwala m'kati mwa kamera, choncho fyulutayo sikuchotsani utsi wa October, ntchito yake n'kutchinjiriza galasi basi. Mnzanga wina anatsala pang'ono kugulitsa lenzi yabwinobwino pamtengo wotaya, pomwe wolakwa anali kagalasi komata kutsogoloko.

Kayesedwe kake

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Patulani ola limodzi m'mawa, ndipo musapite kokongola. Kokongola kumasokoneza maso. Pezani malo oti muone zinthu zouma, zosagwedezeka, zili patali mtunda wofanana kuyambira kumanzere mpaka kumanja: mzere wa nyumba kutsidya kwa bwalo la mpira, fakitale ya tiyi yoonekera kumsewu, nsanja ya netiweki.

Ikani kamera pa tripod. Ngati mulibe, thumba laling'ono la nyemba kapena mpunga pamwamba pa chipupa limagwira ntchito yomweyo. Zimitsani IS kapena VR, ISO (mlingo wa momwe kamera imamvera kuwala) ikhale 100, jambulani RAW (fayilo yoti kamera sinaikometse), ndipo tcherani timer ya masekondi 2 kuti chala chanu chisagwedeze kamera. Fokasi muipeze ndi Live View, kutanthauza kuonera pa kagalasi kakumbuyo kwa kamera, mutakulitsa kufika mapeto, kenako sinthirani ku MF, fokasi ya pamanja, ndipo musakhudzenso. Malenzi ena amakono fokasi yake imayenda ndi magetsi ngakhale mukupotoza ndi dzanja, ndipo pa kamera zina imasuntha kamera ikagona. Talikitsani nthawi yozimira yokha kuti isakugonereni muli pakati pa ntchito.

Tsopano jambulani malo omwewo, kabowo ka lenzi kali kotsekula mpaka mapeto, kenako f/5.6, f/8, f/11, f/16 ndi f/22 (nambala ikamakula, kabowo kolowera kuwalako kamachepa). Ngati ndi ya zoom, bwerezani zonsezi katatu: koyambirira, pakati, ndi kumapeto, mwachitsanzo 10mm, 14mm ndi 18mm kapena 20mm. Lenzi ikhoza kukhala yabwino pa 10mm koma yofooka kumapeto kwake, ndipo ndi bwino kudziwiratu.

Mukaziika pa kompyuta, lenzi yotchipa koma yamoyo imaoneka motere: pakati pamakhala pabwino kuyambira pachithunzi choyamba, makona onse anayi amayamba ali ofooka mofanana, amadzuka pa f/8, ndipo pofika f/16 ndi f/22 chithunzi chonse chimayambanso kufewa. Chomalizachi chimadabwitsa ambiri. Tinaphunzitsana kuti pojambula mapiri uzitseka kabowo kwambiri kuti zonse zioneke, ndiye anthu amangothamangira f/22. Koma kuwala kukamadutsa pa kabowo kakang'ono kwambiri kumamwazika, ndipo pa kamera za APS-C (za sensa yocheperako) za 24 megapixel zomwe ambirife tili nazo, kufewako kumayamba kuoneka mukangodutsa f/11. Limeneli si vuto la mtengo wa lenzi, yodula nayo imatero. Ndipotu f/22 simuifuna n'komwe: pa 10mm ndi f/8, mukaika fokasi pa chinthu chomwe chili mamita 2 kutsogolo, kuyambira pafupi ndi mapazi anu mpaka kuphiri kumakhala kooneka bwino.

Mbali imodzi yokha ikakhala mbuu

Apa ndiye pofunika kukhazikika, chifukwa apa ndi pamene pamapita ndalama. M'kati mwa lenzi ya wide kawirikawiri muli magalasi oposa 10, ndipo onse ayenera kukhala pamzere umodzi. Limodzi likapendekeka pang'ono, kaya chichokereni kufakitale kaya lenzi inagwapo, mbali imodzi ya chithunzi imafa ndipo singadzuke.

Lenzi yanga yoyamba ya wide inali yotero. Ndinakwera nayo ku Chambe ndi alendo, tinagona pa hut, m'mawa ndinajambula chigwa dzuwa likutuluka, mitengo ya mkungudza ili kumanzere. Nditafika kunyumba ndinapeza kumanja kulikonse kuli bwino, timiyala tikuwerengeka, koma mkungudza uja uli ngati ndaujambula ndili pa kabaza. Ndinati ndi mphepo. Ulendo wachiwiri ndinati ndi nkhungu. Zinanditengera miyezi kuti ndione kuti pa chithunzi chilichonse, kaya cha ukwati kaya cha phiri, kofewa kunali kumanzere basi. Pamene ndinkazindikira, wondigulitsa uja foni yake inali itasiya kale kupezeka.

Kuyesa kwake n'kophweka moti mpaka lero ndimadziseka. Sankhani chinthu chimodzi chakuthwa chomwe chili patali, nsanja ya netiweki ndiyo yabwino kwambiri. Ipezereni fokasi ili pakati, tsekani pa MF, kamera ikhale pa M, potcherera zonse pamanja, kuti kuwala kusasinthe, kabowo katsekuleni mpaka mapeto. Kenako tembenuzani kamera kuti nsonga ya nsanjayo ikhale pa kona yakumwamba kumanzere, jambulani. Chitani chimodzimodzi ndi makona ena atatu, kuyesetsa kuti nsongayo italikirane ndi kona mofanana. Dulani makona anayiwo muwaike pamodzi. Akasiyana pang'ono, zisakudetseni nkhawa, lenzi ya zoom yotchipa yofanana ndendende makona onse ndi yosowa. Koma ngati makona awiri mukuona zitsulo za nsanja chimodzichimodzi, pomwe ena awiri zitsulozo zasungunuka kapena zikuoneka ziwiriziwiri, lenziyo ndi yodwala.

Pali njira ina yachidule yoti mungachite muli chiimire pamaso pa wogulitsa. Jambulani msewu kapena mzere wa mashopu, kenako zondotsani kamera, pansi pakhale pamwamba, mujambulenso malo omwewo osasintha fokasi. Ngati shopu yomwe inali mbuu pachithunzi choyamba ili mbuu pachiwirinso, vuto ndi shopuyo: mwina ili pafupi kwambiri, mwina pali utsi. Koma ngati yachira, ndipo matenda asamukira ku shopu ya mbali inayo, ndiye kuti akuyenda ndi zida zanu.

Ndati zida, sindinati lenzi, chifukwa nthawi zina yopindika ndi kamera. Kamera ikagwa lenzi ili pomwepo, chitsulo chomangirapo lenzi chikhoza kupindika pang'ono, kosaoneka ndi maso. Lenzi ya 50mm singaonetse kwenikweni, koma ya 10mm imaulula msanga, poti pa malenzi afupiafupi kusuntha kochepetsetsa kumasintha fokasi kwambiri. Bwerekani kamera ya mnzanu muyesenso. Amene mumalumikiza lenzi ndi adapter, iyeseninso adapter-yo, zotchipa zina zimakhala zonenepa mbali imodzi.

Mukatsimikiza kuti ndi lenzi, bwezani. Pa f/11 matendawa amabisala pang'ono koma sachoka, ndipo palibe pulogalamu ya pa kompyuta yomwe ingawachotse. Kukonza kumafuna munthu wa zida zoyezera, ndipo pa lenzi yotchipa mtengo wokonzetsa ukhoza kuyandikira wa lenzi ina. Wokonza mafoni wa pamsika asakunamizeni kuti aitsekula aone.

Makona onse anayi akakana kudzuka

Zimachitika kuti makona onse ndi ofewa mofanana ndipo ngakhale pa f/8 sakusintha kwenikweni. Musanataye mtima yesani ichi: mu Live View sunthani kabokosi ka fokasi kapite pa kona, mupezenso fokasi pamenepo. Ngati kona yadzuka koma pakati pafewa, lenzi yanu siyakufa, kungoti malo omwe imaona bwino si athyathyathya ngati tebulo, ndi okhota ngati mbale. Malenzi ambiri a wide ali nako kakhalidwe aka. Mankhwala ake n'kugawa pakati: ikani fokasi pa chinthu chomwe chili pakatikati pa mtima wa chithunzi ndi m'mphepete, mutseke f/8 kapena f/11. Pakati pamataya pang'ono poti simungaone, makona n'kupindula zambiri.

Amene muli ndi malenzi opanda autofocus, musakhulupirire chizindikiro cha infinity (fokasi ya kutali kwambiri) cholembedwa pa lenzi. Pa malenzi otchipa chimakhala chitaphonya kawirikawiri. Pezani nokha ndi Live View pamene phiri lakutali likuthwa, mulembepo kachizindikiro ndi tepi. Mudzandithokoza tsiku lomwe mudzafune kujambula nyenyezi pa hut ya Thuchila pamwamba pa phiri, mdima uli bii.

Pa nkhani ya fokasi yomweyi, a Nikon chenjerani musanagule. Lenzi yawo yotchipa ya wide, AF-P DX 10-20mm f/4.5-5.6G VR ya 2017, sigwira fokasi pa kamera zakale ngati D3100, D3200 ndi D90, ngakhale mupotoze ndi dzanja. Lenzi ili bwino, kamera ili bwino, kungoti sizimvana. Ya Canon ya mulingo womwewo, EF-S 10-18mm f/4.5-5.6 IS STM ya 2014, ndi ya kamera za APS-C zokha, silowa pa DSLR za full frame (za sensa yaikulu) ngati 6D kapena 5D. Safunsa anadya phula.

Walira mvula walira matope

Tsopano tibwere ku zinthu zomwe anthu amazitcha matenda pomwe ndi chibadwa cha wide. Lenzi ya 10mm pa kamera ya APS-C imaona ngati 16mm pa Canon kapena 15mm pa Nikon mukayerekeza ndi full frame, kutanthauza madigiri oposa 105 kuchokera kona ina kufika ina. Kuti dziko lonselo likwane pa pepala lathyathyathya, zam'mbali ziyenera kukokedwa.

Ndinaphunzira izi pa chinkhoswe china ku Luchenza. Holo inali yopanikiza, akuchikazi ndi akuchimuna onse akufuna kulowa m'chithunzi chimodzi, ine n'kuti lero ndiye tsiku la lenzi yatsopano. Onse analowadi. Nditapereka zithunzi, azakhali a mkwatibwi, omwe anaima kumapeto kwenikweni kwa mzere, anachiyang'ana nthawi yaitali osayankhula.

"Bambo ojambula, inuyo ndinakulakwirani chiyani?"

"Palibe, mayi. Bwanji kodi?"

"Nanga mutu uwu ndi wanga? Ndafanana ndi dzungu chonchi liti ine? Ndipo taonani mkonowu."

Ndinasowa poyambira. Nkhope yawo inali itatambasuka cham'mbali, phewa lili ngati la munthu wonyamula zitsulo. Kuteroko lenzi sinalakwe kanthu, lenzi iliyonse ya 10mm ya mtundu uwu, yotchipa kaya yodula, imachita zomwezo ndi chinthu chobulungira chikakhala m'mphepete. Chichokereni tsiku limenelo, pa gulu la anthu ndimapita ku 18mm kapena 20mm n'kubwerera m'mbuyo, ndipo ngati malo akana, ndimasiya mpata waukulu m'mbali zonse kuti m'mphepete mukhale chipupa, osati azakhali.

Chimodzimodzi nyumba zooneka ngati zikugwa chagada. Mukaloza kamera m'mwamba kuti nsanja ya tchalitchi ikwane, zipupa zimapendekera m'kati. Kamera ikhale yowongoka, osaweramira kutsogolo kapena kumbuyo, kenako mudule pansi potsalapo pa kompyuta.

Chomwe chilidi cha lenzi ndi kukhota kwa mizere yowongoka. Mzere wodutsa m'mphepete mwa chithunzi umatupa ngati mimba ya mbiya, makamaka pa 10mm. Poyesa musadalire chipupa chilichonse, amisiri athu ena chingwe amachiiwala kunyumba, mungaimbe mlandu lenzi pomwe yokhota ndi njerwa. Mangani chingwe chokoka bwino pakati pa mitengo iwiri, mujambule chili m'mphepete mwakumwamba. Kukhota kwa uta umodzi n'kosavuta kuwongola. Kovuta ndi kuja kokwera pakati n'kutsika kenako n'kukweranso kumapeto ngati ndevu zapamlomo, kumeneko kumafuna profile, fayilo yowongolera pa kompyuta yopangidwira lenzi yomweyo. Pulogalamu ya Lightroom ili nazo zambiri, ndipo darktable ndi RawTherapee, zomwe ndi zaulere, zimagwiritsa ntchito nkhokwe ya Lensfun. Ingodziwani kuti kuwongola kumadya m'mbali mwa chithunzi, choncho pojambula muzisiyako malo. Kunena zoona, pa phiri ndi minda ya tiyi ine sindiwongola n'komwe, palibe amene anayezapo Chambe ndi rula.

Timizere tofiirira ndi tobiriwira tomwe timaoneka m'mphepete mwa nthambi zikakhala kutsogolo kwa mitambo yoyera sitiyenera kukusowetsani tulo. Pa RAW timachoka ndi kabokosi kamodzi kongodina, ndipo kamera zambiri zimatichotsa zokha pa JPEG.

Makona akuda ali mitundu iwiri. Kuda koyamba pang'onopang'ono, kofanana makona onse, n'kwachibadwa, ndipo kumachepa mukatseka kabowo kufika f/8. Koma makona akuda bii ngati wina wawadula ndi lumo ndi chizindikiro choti china chake chikutchinga: fyuluta yonenepa mkombero, mafyuluta awiri osanjikiza, hood (chotchinga dzuwa kutsogolo) ya lenzi ina, kapena lenzi ya DX (ya APS-C ya Nikon) pa kamera ya full frame. Akada makona awiri okha oyang'anizana, onani hood, nthawi zambiri imakhala kuti sinapotozedwe mpaka kulira kuti tha.

Za fyuluta yotchedwa polarizer ndinene pang'ono, poti ojambula tiyi timaikonda. Imachotsa kunyezimira pa masamba, munda wa ku Thyolo n'kubiriwira mochititsa kaso. Koma mphamvu yake imakula kwambiri kumbali yomwe yapanga madigiri 90 ndi dzuwa, ndipo lenzi ya wide imatenga thambo lalikulu kuposa pamenepo. Zotsatira zake, thambo limakhala ndi chigamba chakuda mbali imodzi. Muchepetse mphamvu yake poipotoza, kapena muchepetse thambo m'chithunzi.

Dzuwa likalowa m'chithunzi

Ndi lenzi yoona madigiri oposa 100, dzuwa kulithawa n'kovuta. Yesani dala: jambulani dzuwa lili pa kona, kenako lili kunja pang'ono kwa chithunzi, m'mawa kapena madzulo, ndi Live View, osayang'ana dzuwa kudzera pa kagalasi koonera. Timadontho tobiriwira tondondozana ndi chizolowezi cha malenzi ambiri, mukasuntha pang'ono kapena kutchinga ndi chikhatho timachoka. Chodetsa nkhawa ndi pamene chithunzi chonse chayera ngati mwachithira ufa. Pukutani galasi kaye, lakutsogolo ndi lakumbuyo lomwe. Chala chimodzi chomwe chagwira mandasi n'chokwanira kuwononga tsiku lonse. Yambani ndi kupemerera fumbi ndi blower, kenako kansalu kofewa kopukutira magalasi. Malaya kapena chitenje ayi, fumbi la m'nsalu ndi mchenga. Mukapukuta koma ufa uja ulipobe, vuto lili m'kati.

Timadontho takuda tomwe timakhala malo amodzimodzi pa thambo la chithunzi chilichonse nthawi zambiri ndi fumbi la pa sensa. Jambulani thambo pa f/22, sinthani lenzi, jambulaninso. Tikakhala tilipobe, lenzi ilibe mlandu.

Nkhungu yakunja ndi nkhungu yam'kati

Mvula ndi chinyezi zomwe zimachititsa kuti tiyi akondwe ku Mulanje ndi Thyolo ndi zomwezonso zimalera chuku m'malenzi. Nsapato zachikopa zikamachita chuku m'kabati mu February, dziwani kuti lenzi yomwe ili m'chikwama pafupi nazo ili pa mzere.

Pogula, tengani tochi ya foni. Chotsani lenzi pa kamera, vulani zivindikiro zonse, walitsani kuchokera kumbuyo mopendeketsa uku mukuyang'ana kutsogolo, kenako mutembenuze. Malenzi a Canon EF kabowo kamakhala kotsekula akachoka pa kamera, koma a Nikon omwe ali ndi kachitsulo kumbuyo muyenera kukakankha ndi chala kuti katseguke. Fumbi lidzaoneka ndithu, lenzi iliyonse ili nalo ndipo silisokoneza chithunzi. Chomwe mukufuna ndi timizu toyera tofalikira ngati ukonde wa kangaude, kawirikawiri toyambira m'mphepete, kapena chifunga chophimba galasi lonse. Wogulitsa adzati, "Bwana, ako n'kafumbi chabe, sikaoneka pa chithunzi." Mwina lero sikaonekadi. Koma chuku chimakula, ndipo chikakhalitsa chimadya utoto wopyapyala womwe amakuta nawo galasi, moti ngakhale achipukute, chipsera chimatsala. Ine lenzi ya timizu sindigula ngakhale atsitse bwanji.

Kusunga kwake sikulira zambiri. Pezani kontena ya pulasitiki yotseka bwino, ya labala pachivindikiro, muikemo silica gel wokwanira, ndipo ngati mungapeze kachipangizo koyezera chinyezi, muzionetsetsa kuti chili pakati pa 40% ndi 50%. Silica gel amakhuta, ndiye amafunika kumuumitsa pa moto wochepa nthawi ndi nthawi. Timapaketi tiwiri totola m'bokosi la nsapato, toti takhala chaka panja, sitigwira ntchito. Mpunga usalowemo, umangobweretsa fumbi. Lenzi yomwe imatuluka kawirikawiri n'kuona kuwala sichita chuku msanga ngati yongogona m'chikwama mumdima.

Okwera phiri muli ndi vuto lanu lapadera. Mu June ndi July pamwamba paja kumazizira mpaka udzu kuyera ndi chisanu. Mwajambula kunja mbandakucha, kamera yazizira ngati mwala, kenako mwalowa mu hut momwe moto ukuyaka ndipo tiyi akuwira. Nthawi yomweyo galasi limachita thukuta, kunja ndi m'kati momwe. Mukatuluka kukajambulanso, zonse zili mbuu, ndipo chinyezi chotsalira m'katimo ndicho chakudya cha chuku. Musanalowe, ikani kamera m'jumbo n'kumanga, kapena muitsekere m'chikwama, muisiye pakona kutali ndi moto kwa theka la ola kapena kuposerapo, mpaka itafunda yokha. Ikachita kale thukuta musaipukute m'kati kapena kuiyandikiza kumoto, ingoisiyani pamalo ouma podutsa mpweya, zivindikiro zili zochotsa.

Kanthu kena komaliza, poti ndimafunsidwa kawirikawiri. Pali magalasi omangira kutsogolo kwa lenzi ya 18-55mm kuti izioneka ngati wide, olembedwa 0.45x kapena 0.43x, ndi tina topanira pa foni. Mtengo wake umakopa. Zonse ndafotokoza pamwambapa za f/8, profile ndi kugawa fokasi sizithandiza kwenikweni pa amenewa, chifukwa galasilo silinapangidwire lenzi yanu, ndipo makona amakhala phala lamitundumitundu zivute zitani. Ngati ndalama ya lenzi yeniyeni sinakwane, imikani kamera choimirira pa 18mm, mujambule zithunzi 4 kapena 5 motsatizana kuchokera kumanzere kupita kumanja, chilichonse chikulowerera chinzake ndi gawo limodzi mwa magawo atatu, kamera ili pa M ndi MF. Mukazilumikiza pa Lightroom kapena pa Hugin, yomwe ndi yaulere, Chambe amakwana yense, mutu ndi tsinde lomwe, inu mapazi ali pouma.